Ndalama ya ulendo wa ntchito yachoka m'envelopu

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Linthipe, kudutsa Dedza boma, Bembeke ndi Lizulu mpaka pa Chingeni, amawadziwa magalimoto a ntchito. Ma Land Cruiser oyera okhala ndi chizindikiro cha bungwe pachitseko, ma Hilux a makampani ogulitsa mbewu ndi feteleza, a nambala ya MG, ndiponso mabasi akuluakulu a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre momwe ambiri amakhala atafungatira chikwama cha laputopu. Anthu amenewa sakupita kukaona abale ayi, atumidwa. Ulendo wawowo wina anauvomereza, wina anauwerengera mtengo, ndipo wina akudikira malisiti ake. M'makampani akuluakulu ntchito yoyang'anira maulendoyi ili ndi ofesi yakeyake, ndipo pa zaka khumi ndi zingapo zapitazi yasintha kwambiri, kunja ndi kuno komwe.

Zosinthazo n'zambiri, koma zonse zikuloza kumodzi: ndalama ya ulendo ikuchotsedwa m'manja mwa woyendayo. Bungwe likufuna kulipira lokha hotela, mafuta ndi tikiti, ndipo paliponse pamene kwacha yadutsa pazitsala umboni woti owerengera ndalama adzaupeze.

Momwe zinkakhalira kale ambiri tikukumbukira. Kalata yoitanira ku msonkhano ikafika, funso loyamba silinali la mutu wa msonkhanowo. Anthu ankafunsa kuti masiku angati, akupereka zingati. Tsiku lomaliza wa ku akaunti ankabwera ndi chikwama, anthu n'kufola, aliyense kusaina pa fomu n'kulandira envelopu yake: ya pogona, ya chakudya, ya thiransipoti. Wochenjera ankagona kwa msuweni wake kapena pa resitihausi yotchipa ya kuseri kwa depoti, ndalama ya hotela n'kukagulira malata. Tisabise, nyumba zambiri za anthu a m'maofesi, alangizi ndi madalaivala zinafoleredwa ndi alawansi, malipiro a pamwezi akuthera pa chakudya ndi fizi. N'chifukwa chake misonkhano ya anthu a ku Lilongwe inkakachitikira ku Mponela, ku Salima, ku Mangochi kapena kuno ku Dedza. Alawansi ya usiku imaperekedwa munthu akagona kutali ndi kumene amagwirira ntchito, ndiye msonkhano woti ukanatheka m'chipinda cha pa ofesi unkayenera kukwera kaye galimoto. Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe: n'kutali koti fomu ivomere, komanso m'pafupi poti ena ankazemba madzulo kukagona kunyumba, m'mawa n'kulawirira. Ntcheu inapindula pokhala pakatikati, pomwe a ku Blantyre ndi a ku Lilongwe angakumane popanda wina kudandaula kuti wayenda kwambiri.

Chaka cha 2013 ndicho chinayamba kugwedeza zimenezi. Mu Seputembala nkhani ya Cashgate, ya kubedwa kwa ndalama za boma, inaphulika ku Capital Hill, mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lolowa mwachindunji m'bajeti ya boma, ndipo chidwi chonse chinapita pa momwe ndalama zimatulukira. Kumapeto kwa chaka chomwecho mabungwe ndi mayiko othandizawo anagwirizana za mlingo umodzi wa ma alawansi pa misonkhano yomwe iwo amalipira, n'kukankhira patsogolo njira yomwe aliyense tsopano amaitchula kuti full board. Hotela imalipidwa ndi bungwe, chakudya cham'mawa, chamasana ndi chamadzulo chili pomwepo, munthu amangolandira kandalama kochepa ka sopo ndi mayunitsi. Anthu anaidandaula, ena ankakana kumene kupita ku maphunziro akamva kuti ndi full board. Amene amawaseka anthuwa sanawerengere kuti kwa mlangizi wa zaumoyo wa ku Mayani, kudya nkhuku masiku atatu pa hotela pamene kunyumba kulibe ufa si mwayi.

Kumayambiriro kwa 2021 panabukanso nkhani ya K6.2 biliyoni yolimbanira ndi Covid-19, yomwe gawo lina linathera pa ma alawansi osamveka bwino. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anapatsa wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, mwana wa ku Nsipe ku Ntcheu, ntchito younika zinthu zitatu m'boma: ma alawansi, kagulidwe ka katundu ndi makontirakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa mu Meyi chaka chomwecho koma boma la nthawiyo silinalitulutse poyera. Kenako mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu onse a boma mpaka Malichi 2024, iye mwini osapita ku msonkhano wa zanyengo wa COP28 ku Dubai, ndipo mafuta a nduna ndi akuluakulu ena anadulidwa ndi theka. Makampani ndi mabungwe omwe si aboma sanachite kulengeza pa wailesi, koma nawonso chuma chikavuta bajeti yoyamba kumetedwa imakhala ya maulendo.

Kunja nkhaniyi inayamba kale, ndipo inayambira pa tikiti ya ndege. Kale ejenti wogulitsa matikiti ankalipidwa ndi kampani ya ndege, komishoni ya pafupifupi 10 peresenti ya mtengo wa tikiti. Wogula sankalipira ejenti kalikonse, koma ejentiyo analibenso chifukwa chomufunira tikiti yotchipa, poti tikiti ikadula nayenso ankadya bwino. Mu 1995 kampani ya Delta ya ku America inaika malire pa komishoniyo, ndipo pofika 2002 makampani akuluakulu a ndege kumeneko anaithetseratu. Ma ejenti anatembenuka n'kuyamba kulipiritsa kampani yotuma anthu, ndipo wokulipira ndiye bwana wako. Apa m'pamene panakulira makampani omwe ntchito yawo ndi kuyendetsa maulendo a makampani anzawo, monga American Express Global Business Travel, BCD Travel ndi FCM. Amakambirana mitengo ndi mahotela ndi ndege m'malo mwa kasitomala, amaonetsetsa kuti wantchito sakugula tikiti yoposa udindo wake, ndipo pakutha pa mwezi amauza bwana kuti ndalama yapita kuti. Makampaniwa akumezana: mu Malichi 2024 American Express Global Business Travel inalengeza zogula CWT, yomwe inali imodzi mwa opikisana nayo akuluakulu.

Tikiti ya pepala ija ya masamba ofiira inatha mu 2008, bungwe la makampani a ndege la IATA litalamula kuti zonse zikhale za pakompyuta. Potsatira apo panabwera mapulogalamu omwe amaphatikiza kubukitsa ndi kuwerengera ndalama. Kampani ya SAP ya ku Germany inagula Concur mu 2014 pa mtengo wa $8.3 biliyoni, ndipo pali ena atsopano monga Navan ndi Perk, yomwe kale inkatchedwa TravelPerk. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Wantchito amatsegula pulogalamu pafoni, n'kuona ndege ndi mahotela okhawo omwe malamulo a kampani amalola. Akasankha chodula, pempho limapita lokha kwa bwana wake kuti avomereze. Hotela imalipidwa ndi nambala ya khadi yomwe imapangidwira ulendo umodzi wokhawo, ikagwira ntchito n'kufa. Akadya, amajambula lisiti, pulogalamu n'kuwerenga tsiku, malo ndi mtengo, ndipo ikaona kuti lisiti yomweyo inaperekedwapo kale imakana. Wantchitoyo ndalama saigwira n'komwe.

Pali kankhondo kena komwe woyenda sakaona koma kamamukhudza. Ma ejenti amabukitsa kudzera m'makina akuluakulu atatu, Amadeus, Sabre ndi Travelport, ndipo kampani ya ndege imalipira makinawo pa tikiti iliyonse. Makampani a ndege anatopa nazo. Mu 2015 Lufthansa inayamba kuonjezera ma euro 16 pa tikiti yogulidwa kudzera m'makina amenewa, ndipo IATA yakhala ikulimbikitsa njira yatsopano yotchedwa NDC yoti ndege zizigulitsa mwachindunji. Zotsatira zake n'zakuti mpando umodzimodzi umatha kukhala ndi mitengo iwiri, wa kwa ejenti ndi wa pa webusaiti ya ndege, ndipo mtengo wina muli chikwama, wina mulibe, wina ungasinthe tsiku, wina ayi. Wa ku ofesi yogula zinthu amene anauzidwa kuti atenge makoteshoni atatu n'kusankha wotchipa amapezeka wagula tikiti yomwe ikadzasinthidwa tsiku idzadula kuposa zinazo.

Kwathu kuno pamwamba pa zonsezi pali vuto la ndalama zakunja. Tikiti imagulitsidwa mu kwacha, koma kampani ya ndege yakunja imafuna kutumiza ndalamazo kwawo mu madola. Madola akasowa m'mabanki, ndalama zake zimangounjikana kuno zikutha mphamvu. Mu 2022 Kenya Airways inafika poimitsa kugulitsa matikiti kudzera mwa ma ejenti a m'dziko muno pa chifukwa chomwechi. Mabungwe omwe ali ndi likulu kunja anayamba kugulira matikiti kumeneko, ejenti wa ku Lilongwe n'kungotsala ndi maulendo a m'dziko muno ndi a Malawi Airlines, yomwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse ndipo 49 ndi a Ethiopian Airlines. Kampani ya Amalawi yomwe ilibe akaunti kunja ndiyo imavutika: koteshoni ya lero mawa yasintha, pempho la madola likadali ku banki.

Covid-19 inachita zomwe masekyula a boma analephera. Bungwe la Global Business Travel Association limawerengera kuti mu 2019 dziko lonse linagwiritsa ntchito pafupifupi $1.4 thiriliyoni pa maulendo a ntchito, ndipo mu 2020 ndalamayo inatsika kupitirira theka. Inadzabwerera pa mlingo wakalewo cha m'ma 2024, koma mitengo ya ndege ndi mahotela itakwera, kutanthauza kuti ndalama yofanana ikugula maulendo ochepa. Chomwe chinatsalira ndi funso lomwe kale bwana sankafunsa: kodi zimenezi sizingatheke pa Zoom? Ulendo wa tsiku limodzi wongokamvera lipoti ndiwo unafa kwambiri. Makampani tsopano amakonda kuti munthu akanyamuka akagwire ntchito zitatu kapena zinayi pa ulendo umodzi, ngakhale akhalitseko. Ena amalola wantchito kuonjezera masiku akeake pamapeto, alipire yekha, zomwe zimabweretsa funso la inshuwalansi akavulala pa masiku amenewo.

Msonkhano wa pa Zoom ukafika pa boma la Dedza umakhala ndi nkhope ina. Anthu asanu azinga laputopu imodzi m'kaofesi kozizira, magetsi azima, wina wayatsa intaneti ya pafoni yake, ndipo wa ku Lilongwe akungobwereza kuti sitikukumvani. Bungwe lapulumutsa mafuta ndi hotela, koma bandulo wagula ndani? Mabungwe ena anayamba kupereka ndalama ya data, ena anangokhala chete. Komanso pali ntchito zomwe kamera singagwire. Mjigo wa ku Kasinje kuti udziwe ngati ukutulutsa madzi uyenera kuupopa, ndipo wogula mbatatesi za kampani ku Tsangano ayenera kumasula thumba n'kuona zapansi.

Mbali ina yomwe yakula ndi udindo wa bwana pa moyo wa wantchito amene wamutuma. Mu 2021 panatuluka muyezo wa padziko lonse wa ISO 31030 wofotokoza momwe bungwe lingaunikire zoopsa za pa ulendo. Kwa ife zimaonekera m'malamulo ang'onoang'ono: galimoto ya bungwe isayende kukada, dalaivala apume akayendetsa maola angapo, asanyamule matola, akuluakulu onse asakwere galimoto imodzi. Magalimoto ambiri anaikidwa kachipangizo komwe kamauza ofesi pomwe ili ndi liwiro lake. Madalaivala amadana nako, chifukwa kamaulula kuti galimoto inaima mphindi makumi anayi pa Lizulu, komatu aliyense amene anatsikapo Khwekhwerere kulowera ku Golomoti mvula ikugwa, kapena kudutsa pa Bembeke m'mawa wa mu Juni nkhungu itatseka msewu, amadziwa kuti lamulo la liwiro silinalembedwe mwachipongwe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 atadula misewu ya kummwera, mabungwe ambiri anazindikira kuti sakudziwa n'komwe kuti antchito awo agona kuti usiku umenewo. Nkhani ya utsi woononga nyengo nayo yalowa m'mafomu: makampani ena akuluakulu a ku Ulaya amayenera kuwerengera utsi wa maulendo a antchito awo, ndiye musadabwe likulu likamafunsa makilomita a mu logibuku.

Tsopano tifike pomwe ndondomeko zokongolazi zimakumana ndi fumbi. Zonse zinapangidwa poganiza kuti paliponse pali lisiti, netiweki ndi makina a khadi. Mlangizi wa bungwe wotumidwa kumidzi ya kuseri kwa Tsangano amatsika minibasi pa mphambano, n'kukwera kabaza ya njinga yamoto. Akafika amatulutsa fomu.

"Achimwene, mundisainire apa, mulembenso nambala ya foni."

"Kusaina chiyani, bwana? Ine mwandilipira, basi. Mukufuna mukandipereke ku MRA?"

Akabwerera ku ofesi, wa ku akaunti amati popanda umboni ndalamayo sibwezedwa, ndipo naye sakulakwa, chifukwa owerengera ndalama akadzabwera adzapanikiza iyeyo. Mafuta n'chimodzimodzi. Khadi la mafuta linathetsa chinyengo cha dalaivala wothira malita 30 n'kulembetsa 50, koma pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, yomwe yatizunza mobwerezabwereza kuyambira 2022, khadi siligwira ntchito pa filing'i yopanda mafuta. Amene ali nawo ndi mnyamata wa zigubu m'mbali mwa msewu, mwina atawatenga tsidya la Mozambique, poti m'malo ena pakati pa Dedza ndi Ntcheu malire ndi msewu womwewo. Iyeyo lisiti alibe. Ngakhale foni imene ikafika pa Lizulu nthawi zina imalumphira pa netiweki ya ku Mozambique. Malisiti osavuta ndi a pa zipata zolipiritsa za Chingeni, yomwe inatsegulidwa mu Novembala 2021, ndi Kalinyeke, mu Januwale 2022, ndipo poti amalemba nthawi, asanduka mboni yoti galimoto inadutsadi.

Envelopu ya anthu a kumudzi obwera ku maphunziro inalowedwa m'malo ndi Airtel Money, yomwe inayamba mu 2012, ndi TNM Mpamba ya mu 2013. Ubwino wake ndi woonekeratu. Wa ku akaunti sayendanso ndi mamiliyoni m'chikwama, ndipo mayina a anthu omwe sanabwere n'komwe amavuta kuwalowetsa, makamaka chibwerereni chiphaso cha unzika mu 2017. Koma agogo a m'komiti ya mjigo alibe foni, amapereka nambala ya mdzukulu, dzina n'kusiyana ndi la pa chiphaso, ndalama n'kukanidwa. Amene yawafikira amadulidwa potapa kwa ejenti. Ndipo imafika liti? Munthu wabwereka ya thiransipoti kwa mnansi, wauzidwa kuti ilowa Lachisanu, Lachisanu zitatu n'kudutsa.

Apa m'pamene ine ndimaona kuti kusinthaku kwakhota. Pamwamba, bwana amabukitsiridwa zonse, satulutsa kobiri. Pansi, wantchito wamng'ono amauzidwa kuti ayambe wagwiritsa ntchito yake, adzabwezeredwa akabweretsa malisiti. Ndiye kuti wolandira malipiro ochepa kwambiri ndi amene akukongoza bungwe, popanda chiwongoladzanja, pa nthawi yomwe mitengo ikukwera mwezi ndi mwezi. Njira yakale inali ndi chinyengo chambiri, zimenezo sitingakane, ndipo inkachititsa kuti ofesi izikhala yopanda anthu sabata yonse ali ku nyanja. Koma alawansi inkatseka dzenje la malipiro osakwanira, ndipo pochotsa alawansiyo dzenjelo palibe analikwirira.

Chinyengo nachonso sichinathe, chinangosamuka. Paja amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Pali malisiti ogula, pali mapangano a kuseri oti loji ilembe anthu 40 pomwe anagona 25, pali kumvana kwakuti munthu asadye chamadzulo, pa risepishoni amupatse ndalama yake. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ankadya ambiri pang'onopang'ono, lero akudya ndi amene ali pafupi ndi kompyuta ndi chidindo.

Eni malo ogona nawo agawika pawiri. Kuti loji ilandire msonkhano wa bungwe iyenera kukhala yolembetsedwa, ikhale ndi nambala ya msonkho ya ku MRA ndi kalata yosonyeza kuti ilibe ngongole ya msonkho, izitulutsa lisiti ya makina, ikhale ndi akaunti ya ku banki m'dzina la bizinesi, ipereke koteshoni, idikire LPO, chikalata cha bungwe chotsimikiza oda. Ikatero idyetse anthu masiku atatu ndi ndalama zake, n'kudikira mwezi kapena kuposerapo kuti ilipidwe, atadulanso msonkho. Amene ali ndi mpamba akukula, akumanga maholo, akugula jenereta ndi sola, akuika intaneti chifukwa ndi funso loyamba lomwe wobukitsa amafunsa. Mayi wa resitihausi ya zipinda zisanu ndi chimodzi, yemwe kale ankadalira ozemba hotela aja, watsala ndi madalaivala a mathiraki odikira mapepala pa chipata cha m'malire cha Dedza. Ogulitsa kabichi, tomato ndi mbatatesi pa Lizulu ndi pa Kampepuza amadziwanso kusiyana kwa galimoto yochokera ku msonkhano wa envelopu ndi yochokera ku full board. Yoyambayo inkachoka buti itatitimira.

Mabungwe omwe aganizapo bwino akupeza njira zapakati, ndipo sizifuna pulogalamu yodula. Amaika mitengo yodziwika ya mtunda uliwonse, kuti kuchoka pa Ntcheu boma kufika ku Bilira ndi zakuti, munthu n'kupatsidwa asananyamuke popanda kufunsidwa lisiti ya kabaza. Amalemba m'malamulo awo masiku omwe ndalama yobweza iyenera kukhala italowa, ndipo ndalama yotapira kwa ejenti amaiphatikiza pomwepo. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta amalola dalaivala kugula kwina bwana atavomereza pa meseji, mesejiyo n'kukhala umboni. Dalaivala yemweyo ndi amene ndondomeko zambiri zimamuiwala: mndandanda wa full board umalemba obwera ku msonkhano, iye palibepo, ndipo alawansi yake ya usiku sikwanira chipinda pa hotela yomweyo. Amagona m'galimoto kapena kukafuna malo kumsika, m'mawa n'kunyamula anthu asanu kubwerera nawo ku Blantyre. Mabungwe ena ayamba kumulemba pa LPO limodzi ndi anzake, koma ambiri akadali kumupatsa yake pa Mpamba, kawirikawiri ulendo utatha kale.